Agogo Ake a Fredson

"Adadi, kodi mgolo ungamwalire?"

Anandifunsa choncho mwana wanga Kimberly tsiku lina tikuchokera ku tchalitchi. Anafunsa m'Chingerezi, monga amachitira ana obadwira kuno, ine n'kumuyankha m'Chichewa kuti akafunse amayi ake. Koma funsolo silinali lachibwana. Mwanayo anali atamva azimayi akunong'onezana kuti ku Skerries, tauni yoyandikana ndi yathu, kunagwa maliro a mgolo, ndipo kuti namfedwa wamkulu anali neba wathu, Fredson. Tsono popeza nkhaniyi yafika mpaka ku Lilongwe itamera nyanga ndi mchira, ndaona kuti ndiifotokoze mmene inayendera. Sindiweruza munthu. Ndipo ndilibe pakamwa poweruzira, chifukwa wilitcheya imene inanyamula malemuwo inali yanga.

Fredson ndi ine timakhala ku Balbriggan, kufupi ndi mzinda wa Dublin, nyumba zathu n'zogundana, ndipo chotilekanitsa ndi kampanda kofika m'chiuno. Iye amagwira ntchito yosamalira okalamba. Anzake amamutcha Injiniya, chifukwa anaphunzirako teremu imodzi ya zamagetsi kumudzi, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse amachijambula kaye papepala, ngakhale ulendo wokagula buledi. Ndi munthu wabwino mtima. Matenda ake ndi amodzi: pakamwa pake pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Pa nthawiyo n'kuti Fredson akuyembekeza chinkhoswe ndi Louisa, nesi wa ku chipatala cha Beaumont, mtsikana wosalankhulalankhula koma woona patali. Woimira banja la Louisa kuno anali amalume ake, a Cuthbert, amene akuchita maphunziro apamwamba a zadothi kuyunivesite ndipo amafuna kutchedwa Dokotala ngakhale pepala lisanatuluke. Tsiku lina a Cuthbert anaitana Fredson kunyumba kwawo, n'kutsegula botolo la vinyo wa kwa Fintan. Fintan ameneyu ndi mzungu wachikulire wa kumtunda kwa Skerries, amene analimbana ndi mvula ya dziko lino mpaka anabereketsa mphesa pa kaphiri kake, n'kutsegulapo kamalo kodyera. Vinyo wake ndi wochepa ngati dzuwa la kuno.

"Anyamata a masiku ano mumangodziwa zam'zitini," anatero a Cuthbert akuzunguza tambula. "Ichi chimafuna munthu wolowa m'kalasi."

Munthu wanzeru akanangoseka. Koma Injiniya anaika tambula pansi.

"Amalume, pa chinkhoswe sitidzamwa zam'mabotolo ngati ana. Ndidzabweretsa mgolo wathunthu, wa kwa Fintan komweko."

A Cuthbert anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndamva. Mgolowo ukadzapanda kufika ndidzadziwa kuti mawu ako ndi mphepo. Ndipo mwana wa mlongo wanga sakwatiwa ndi mphepo."

M'mawa mwake Fredson anaimbira Fintan. Fintan anaseka n'kunena kuti mgolo sagulitsa kwa wina aliyense, ngakhale atabwera bishopu. Chinkhoswe n'kuti chitatsala sabata ziwiri.

Dilu yonse inaphikidwa Loweruka masana, m'kashedi ka kuseri kwa nyumba ya Fredson, pakati pa makina otchetchera kapinga ndi zitini za mowa. Analipo atatu. Wachiwiri anali Dalton, wotchedwa Mphika, chifukwa sanaonepo mbale imene inamugonjetsa. Wachitatu anali Enos, wotchedwa Bishopu, amene anakhalako mkulu wa mpingo kwa miyezi inayi ndipo mpaka lero satsegula chitini asanapemphere. Onse atatu amagwira ntchito yofanana, mashifiti okha ndiwo amasiyana.

Injiniya anatambasula pepala pa bondo.

"Aise, ndiyankheni. M'dziko muno ndani amene safufuzidwa ndi munthu aliyense?"

"Wansembe," anatero Bishopu.

"Galu," anatero Mphika.

"Nkhalamba ya pa wilitcheya, mbuzi inu! Si ife timazikankha tsiku ndi tsiku? Ukamakankha nkhalamba zitseko zimatseguka zokha, magalimoto amaima, wapolisi amakukwezera chipewa. Ndiye mverani. Mawa tikupita kukadya kwa Fintan ngati mabwana. Tikulowa anthu folo: ife atatu ndi agogo. Agogo olowa ndi a mapilo. Agogo otuluka ndi mgolo."

Kenako Mphika anavula kapusi.

"Mani, iwe unabadwira dziko lolakwika."

"Kuba n'tchimo," anatero Bishopu, maso ali kudenga. "Komabe ukwati n'chinthu choyera. Ndipo pa ukwati wina uja vinyo atasowa, panachitika dongosolo lapadera."

"Ndiye dongosolo lake ndi limeneli," anatero Injiniya. "Tikatuluka, twente minitsi wapansi kutsikira ku siteshoni, sitima ya hafu fili, siteshoni imodzi yokha tafika ku Balbriggan. Osathamanga, osatuluka thukuta. Zaukhondo."

Foni yake inalira. Anali Louisa. Injiniya anaipanikiza ndi phewa, dzanja likujambulabe mivi papepala.

"Eya, switi... eya... eya, zili bho... mukayende bwino."

"Akuti chiyani alamu?" anafunsa Mphika.

"Kaya, za akazi. Za holo, za maluwa. Tiyeni tione za mutu wa agogo."

Pa zolakwa zonse zimene Fredson anachita sabata imeneyo, ine ndimaona kuti yaikulu inali imeneyi, yoyankha "eya" katatu asanamve funso.

Madzulo ake anabwera pa kampanda. "A Walter, tabwerekeniko wilitcheya ija anasiya apongozi anu. Pali madala ena akufuna akapitidwe mphepo ya kunyanja." Ine ndinaona kuti n'chifundo. Ndinaipukuta fumbi, ndinaipopa matayala, ndinampatsanso bulangete la apongozi lomwe, loyera la maluwa.

Kunena zoona, agogowo anawapanga mwaluso. Thupi linali la mapilo atatu m'jekete la Bishopu la pa Mgonero. Miyendo inali matawulo m'buluku, n'kumangirira nsapato. Manja anali magolovesi odzaza masokosi. Mutu ndiwo unavuta, mpaka Mphika anapita kwa ana a nyumba ya pakona n'kubwereka, osawauza, dzungu limodzi mwa maungu amene ana a kuno amaboola maso ndi mano mu Okutobala. Analiveka masiki, magalasi akuda, chipewa cha ubweya chofika m'makutu, ndi sikafu kuzungulira katatu. Bishopu atawayang'ana anachita kuvula chisoti.

"Afanana ndi a Kasapo a kwathu ku Mponela," anatero. "Nawonso samalankhula."

Lasabata, wani koloko, analowa kwa Fintan.

Zinayenda monga ananenera Injiniya. Mtsikana wolandira alendo anathamanga kukatsegula zitseko zonse ziwiri. Banja lina linasamuka pa tebulo la pakona kuti agogo asapitidwe mphepo. Kunja kwa windo mizere ya mphesa inali itafiira masamba, ndipo kumunsi kwake nyanja inkaoneka yotuwa ngati lata.

"Nanga bambo akuluwa adya chiyani?" anafunsa mtsikanayo.

"Akusala kudya," anatero Bishopu.

"Anamasula m'mawa," anatero Mphika msangamsanga. "Apatseni nyama ya nkhosa. Mbatata dabulo. Amakonda kudya mochedwa, ingoikani apa pafupi ndi ine."

Zakudya zitabwera Mphika anayang'ana mbale yake nthawi yaitali. Mbale inali ngati bwalo la mpira, ndipo pakati pake panagona kanyama konga khutu la mbuzi, kali ndi tsamba limodzi pamutu.

"Injiniya, ichi n'chakudya kapena chithunzi cha chakudya?"

"Idya mwaulemu, tili pa ntchito."

"Ndiye nkhanu izi bwanji sanazichotse ndevu? Kwathu mwana akatola zimenezi timamumenya m'manja."

Anadyabe. Anadya yake, anadya ya agogo, anathandizanso Bishopu pamene Bishopu ankapempherera chakudya maso ali chitsinzire.

Kenako anafika Fintan mwini wake, wamfupi, wofiira masaya, manja ake akuda ndi madzi a mphesa, botolo lili m'khwapa. Anathira kadontho m'tambula ya aliyense. Anathiranso ya agogo, n'kuwerama.

"Mwalandiridwa, bambo. Mwachokera kutali?"

Dzungu silinayankhe.

"Agona," ananong'ona Bishopu. "Mankhwala."

"Aa, asiyeni. Bambo anga nawonso ankatero." Fintan anakonza bulangete pa bondo la matawulo, mwachikondi ndithu, ndipo Bishopu akuti pamenepo mtima wake unamutsutsa koyamba.

Injiniya anazunguza tambula monga anaonera kwa a Cuthbert, theka la vinyo n'kugwera pa shati. Ananunkhiza, anatseka maso.

"Ndikumva masau," anatero. "Ndi kautsi ka chimanga chootcha pa depoti."

Fintan anafunsa kuti masau n'chiyani, ndipo atamufotokozera anakondwa kwambiri. Anati zaka zonsezi anthu a mu Dublin amangomuuza za zipatso zimene anawerenga m'magazini, koma lero wapeza munthu wa lilime lake lake. Chifukwa cha chimwemwe chimenecho anawatenga kukawaonetsa mosungira vinyo, kuseri, khomo loyandikana ndi chimbudzi cha anthu a pa wilitcheya. Injiniya anatsinzinira anzake diso: mapu ake anali olondola.

M'katimo munali migolo ikuluikulu isanu, yogona phee mumdima. Pafupi ndi khomo panali timigolo titatu tating'ono, tonga mwana wa zaka folo, ndipo kalikonse kanali ndi kagalasi kopindika pamimba, kakuchita bulubu, bulubu.

"Akuluwo ndi a zaka zapitazo, akupuma," anatero Fintan. "Ang'onowa ndi a mwezi uno. Akadali kuwira. Amenewa osawagwedeza, osawatseka, osawayang'ana n'komwe." Anaseka, ndipo wina atamuitana kukhitchini anawasiya kuti abwerere okha ku tebulo.

"Tinyamule uti?" anafunsa Mphika. "Akuluwo sakwana pa mpando."

"Akuluwo ndi akufa," anatero Injiniya. "Mayi anga aphika masese zaka twente ku Dedza. Mowa wamoyo umawira, umalankhula. Ukangokhala chete ndiye kuti wasasa, ngwopatsa nkhumba. Ndipo simunamve? Akuti awa tisawakhudze. Munthu amaletsa chimene akuchikonda."

"Nzeru," anatero Mphika.

Anabweretsa agogo ngati akupita nawo kuchimbudzi. Mapilo anatuluka m'jekete, kamgolo kanalowa. Kagalasi kaja kankatukula bulangete ngati agogo abisa ndudu, ndiye Injiniya anakazula, n'kutola chotsekera chamtengo pa shelefu, n'kuchikhomerera ndi chidendene cha nsapato mpaka chinalowa chonse.

"Kuti asatayike m'njira," anatero. "Sayansi."

Anabwezera dzungu pamwamba, anamanga lamba, anafunditsa bulangete. Potuluka, mtsikana uja anatsegulanso zitseko zonse ziwiri, ndipo Fintan anakweza dzanja ali pa windo la kukhitchini.

"Mubwere nawonso bambowo akadzadzuka!"

Msewu wochokera kwa Fintan n'ngotsetsereka, ndipo uli ndi zigamba zambiri kuposa buluku la m'busa. Agogo a mapilo ankalemera ngati nkhuku. Agogo atsopanowa ankalemera ngati thumba la feteleza, ndipo ankafuna kutsogola. Mphika anagwira zogwirira, zidendene zikukhukhuluzika, Bishopu atamugwira lamba kumbuyo, Injiniya akuthamanga chammbali atagwira dzungu kuti lisagwe. Pa bampu iliyonse m'mimba mwa agogo munkamveka guluguduu.

"Akudandaula," anatero Bishopu.

"Akukhwima," anatero Injiniya.

Mayi wina woyendetsa galu anaima n'kunena kuti n'zosangalatsa kuona anyamata akusamala kholo lawo chonchi. Galu wake sanavomereze. Ananunkhiza nsapato za agogo, anabwerera m'mbuyo, n'kuyamba kuuwa.

Anafika pa siteshoni patatsala eyiti minitsi kuti sitima ibwere. Injiniya anapukuta thukuta limene ananena kuti silidzatuluka, n'kutambasula manja.

"Anyamata, mbiri yalembedwa. Mawa a Dokotala adzanditcha bwana."

"A Fredson?"

Mawuwo anachokera pa benchi. Panakhala azimayi atatu, aliyense ali ndi kapepala ka tchipisi m'manja. Woyamba anali Louisa. Wachiwiri anali anti Maness, akazi awo a Cuthbert, mayi wa mawu otha kudzutsa mudzi. Wachitatu anali Kanyanta, mnzake wa Louisa wa ku Zambia, nesinso.

"Si ndinakuuzani dzulo pa foni kuti tikubwera ku Skerries kudzaona holo?" anatero Louisa. "Ndinakufunsani ngati muli pa shifiti, munati eya. Nanga awa ndi ndani?"

Injiniya anasuzumira kumene sitima imachokera. Bishopu anayamba kuwerenga chikwangwani cha nthawi za sitima ngati ndi Salimo. Amene anapulumutsa zinthu, kapena kuti amene anazimaliza, anali Mphika.

"Ndi agogo ake a Fredson. Atsika ndege dzulo. Abwerera chinkhoswe. Inali sapulaizi."

"Mayo ine!" Anti Maness anaponya tchipisi pa benchi. "Agogo afika ife osadziwa? Fredson, ukufuna anthu a ku Dedza azinena kuti ndife osaleredwa? Louisa, tagwada, mwana iwe!"

Apa ndiye pamene ndimati mwambo ndi chinthu champhamvu. Akanakhala azungu, akanayang'ana nkhope, n'kuona kuti khungu la munthuyu ndi lachikasu ndipo lili ndi mizere. Koma mtsikana woleredwa sayang'ana m'maso agogo a mwamuna wake tsiku loyamba. Azimayi atatu aja anayala zitenje pa simenti yozizira ya pulatifomu, anagwada chapatali, maso pansi, n'kuyamba kuomba m'manja mwakachetechete. Azungu odikira sitima anasiya mafoni awo.

"Mwafika bwanji, agogo?" anatero anti Maness.

Guluguduu.

"Akuti afika bwino, kaya inu," anamasulira Bishopu, thukuta likutsika m'khosi.

"Ife tili bwino. Kumudzi mwasiyako bwanji?"

Gulugulu... fyiii.

"Akuti mvula yachedwa."

"Bakamba mwamphamvu, ba shikulu," anatero Kanyanta, amene Chinyanja chake chimasakanikira, moti agogo amawatchula choncho. Koma iye ndi Louisa anali atayang'anana kale. Nesi ndi nesi, ngakhale atagwada. Phokoso limenelo analidziwa, ndipo m'wodi likamveka anthu amathamanga.

"A Fredson, agogo anapita liti kuchimbudzi komaliza?" anafunsa Louisa.

"Posachedwapa," anatero Mphika. "Tinawaperekeza tonse."

"Mimba yatupa iyi. Pepani agogo, ndikugwireniko." Louisa anasendera chogwada, maso akadali pansi, n'kugwira dzanja la golovesi. Analisinika. Anasuntha zala, n'kusinikanso. Nkhope yake inasintha. "Kanyanta, sindikumva kugunda. Dzanja lazizira, lafewa ngati mulibe mafupa."

"Ndi a choncho kuyambira kale," anatero Injiniya. "Banja lathu lonse. Switi, sitima ikubwera, tiye tikakambire kunyumba..."

"Kunyumba? Munthu sakupuma! Kanyanta, imba ambulansi. Dalton, masula lamba, tiwagoneke pansi."

"Osawagwedeza!" anakuwa Bishopu, amene yekha anakumbukira mawu a Fintan, mochedwa.

Louisa anali ataika kale dzanja pa chifuwa cha jekete n'kukankha kamodzi.

Anthu amene analipo amasiyana pofotokoza phokosolo. Ena amati linali ngati tayala la minibasi, ena amati ngati mfuti. Chotsekera chija chinaboola batani la jekete, chinadutsa pakati pa Louisa ndi Kanyanta, n'kukamenya chikwangwani tsidya lina la njanji. Pambuyo pake panatumphuka chinthu chofiira, chathovu, chotalika kuposa munthu. Bulangete loyera la apongozi anga linasanduka la kophera ng'ombe. Agogo anagwedezeka, anaweramira kutsogolo ngati akufuna kuyankha moni uja bwinobwino, ndipo mutu unachoka.

Unagubuduka pa pulatifomu, chipewa chinatsala, magalasi anatsala, masiki inatsala, mpaka unakaima pa mawondo a anti Maness, ukuwasekerera ndi mano atatu.

Kulira kumene analira anti Maness kunamveka mpaka ku doko. "Mayo! Agogo aduka! Afera m'manja mwathu! Tikanena chiyani ku Dedza!" Anadzigwetsa chagada, ndipo dzanja lina, mwa chizolowezi, linali litatumiza kale uthenga wa mawu ku gulu la Amalawi la pa foni. Mzungu wina anakomoka. Wina anavula jekete n'kufunditsa dzungu. Sitima ya hafu fili inafika, inatsegula zitseko, palibe anakwera, woyendetsa anatsika kudzaona.

Mbava zenizeni zikanathawa pamenepo. Koma Mphika anali atagwada kutsogolo kwa wilitcheya, atatchinga kabowo ndi pakamwa, akuti kuti katundu asawonongeke. Bishopu anali ataimika manja kumwamba akuulula machimo onse, kuyambira a ku Mponela. Injiniya anayesadi kuthawa, koma anaponda thovu, n'kukhala pansi m'dziwe la vinyo, pepala la mapulani lili m'thumba la shati, dzina lake lili pamwamba, atalemba ndi zilembo zazikulu.

Louisa yekha ndiye sanakuwe. Anaimirira, mtima wa unesi uli wonse ngakhale anavala diresi, ananyambita chala, anakweza jekete n'kuona matabwa ndi zitsulo za mgolo. Anayang'ana dzungu. Anayang'ana Fredson.

"Ndagwadira mgolo," anatero motsitsa mawu. "Pamaso pa anthu. Ndaufunsa za kuchimbudzi."

Ambulansi inafika, apolisi a kuno, a Gada, anafika, ndipo pomaliza anafika Fintan pa kagalimoto kake, atanyamula mapilo atatu amene anawapeza m'chimbudzi. Wa ambulansi anagwira mgolo pamimba n'kuuza mnzake kuti wodwalayu wataya madzi ambiri. Wapolisi analephera kulemba chifukwa cha kuseka. Kumbuyo kwa wilitcheya anapeza kapepala ka dzina langa ndi adiresi, ndiye chifukwa chake madzulo a tsikulo, ine ndikusita malaya a ku ntchito, ndinamva kugogoda. Pofika nthawi imeneyo n'kuti azimayi asanu ndi awiri atafika kale pakhomo pa Fredson ndi zitenje zakuda, ena atayamba nyimbo.

Fintan anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa: m'kamgolomo munali mphesa za mzere wathunthu, zimene anazitchingira mbalame chilimwe chonse. Koma akuti atayang'ana dzungu lija, lofunditsidwa jekete la munthu wachifundo, mkwiyo unamuthawa. Anauza apolisi kuti nkhaniyo aithetsa yekha. Chigamulo chake chinali chakuti atatuwo azipita kumunda kwake Loweruka lililonse, kudulira, kupalira, kutsuka migolo, kuyambira dzinja limenelo mpaka mphesa zina zitapsa. "Ndipo wa masauyo," anatero, "aziima pafupi ndi ine. Lilime ali nalo. Mutu ndiye tiona."

A Cuthbert anafafaniza chinkhoswe tsiku lomwelo, mwa kalata ya masamba awiri. Kwa sabata zitatu Louisa sanayankhe foni. Ya chinayi anabwera yekha ku Balbriggan, anaima pa geti, osalowa. Ine ndinali kuseri kwa kampanda ndikuyanika bulangete lija kachisanu, ndiye ndinamva, sikuti ndinkamvetsera.

"Amalume anapempha mgolo," anatero. "Ine sindinapemphe kanthu, chifukwa simunandifunse. Tsopano ndikupempha. Botolo limodzi. La mphesa zimene mwadulira nokha, Fintan akupatseni ndi dzanja lake, masana, anthu akuona. Likadzafika, amalume ndidzalankhula nawo ndine. Mwamva, kapena mwangoti eya?"

"Ndamva," anatero Fredson. "Botolo limodzi, dzanja lake, masana."

Chaka chatha tsopano. Mphika waonda pang'ono. Bishopu amalalikira mphesa. Dzina loti Injiniya linafa, pano aliyense amamutcha Mdzukulu, ngakhale ana. Loweruka lapitali ndinamuona akutsika sitima, manja akuda ngati a Fintan, atakumbatira kanthu m'jekete monga mmene mayi amanyamulira khanda pa mvula. Anafika pa kampanda n'kundionetsa. Linali botolo lopanda chizindikiro, lolembedwa ndi choko: Masau.

"A Walter," anatero, akukanda kumutu, "Louisa waliona kale, walankhula ndi a Cuthbert, ndipo avomera. Koma akuti kumbali yanga kukhale nkhoswe yooneka ndi maso, yolankhula yokha. Ine kuno ndilibe wachibale. Amene ndinali nawo aja anaphulika."

Ndinaganiza kaye, chifukwa unkhoswe si jekete lobwereka.

"Ndidzakuimira," ndinatero. "Koma mlendo aliyense wochokera ku Dedza ndidzayamba ndamuvula chipewa."

"Zomveka."

"Ndipo wilitcheya ija ibwerere. Ikununkhabe, koma ndi yanga. Ndikuisungira ukalamba wanga."

Fredson anaika botolo pa kampanda mosamala, anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Ibwera mawa. Ndipo tsiku limene mudzaikhalire, aneba, wokukankhani ndidzakhala ine. Ndikulonjeza. Pa bampu ndizidzachepetsa liwiro."

"Nanga m'mimba mukadzayamba kulira?"

"Ndidzakusiyani mulire," anatero. "Sindidzatsekanso munthu."